Njira Zokhota za Zakeyu

Kuchokera m'mudzi mwa Malita kupita ku Mwanza boma kunali njira ziwiri. Ina inkatsika ndi dambo, yaifupi koma yamchenga. Ina inkazungulira m'zitunda, kudutsa m'minda ya nandolo, ndipo inkafuna munthu woti wadya. Aliyense wa njinga ankasankha imodzi n'kukalamba nayo. Zakeyu yekha ndiye anali ndi njira zomwe ngakhale mbuzi sizinkazidziwa.

Dzina lake linali Zaqueu, koma lilime la anthu a kwa Kanduku, kwawo kwa Malita, linaliwongola tsiku lomwe anafika. Anaoloka malire mu 1987 pamodzi ndi anzake othawa nkhondo ya ku Mozambique, njinga ataisenza paphewa m'malo moikwera. Sanapite kukampu. Anapempha malo m'mudzi, ndipo posakhalitsa anayamba kupikula manachesi m'minda ya anthu n'kumakagulitsa kwa madalaivala a mathiraki ku boma. Mowa sankamwa, moni ankabweza atagwira pachifuwa. Atafunsira Malita, mayi ake a mtsikanayo anangoti, "Bolanso ameneyu ali ndi njinga."

Chinkhoswe chinali Loweruka. Lolemba lake, a Langton, amalume ake a Malita, omwe ankayenera kukhala ankhoswe akuchikazi, anamuitana pansi pa mtengo wa mango pomwe ankasenda nzimbe.

"Ine Loweruka sindikhala pamphasa," anatero.

"Alakwanji, amalume?"

"Munthu wako uja amathawa masamba. Atamwalira a Jailosi, adzukulu anayala nthambi pamsewu monga mwa nthawi zonse. Anzake onse akutsika njinga, kuvula zipewa, kudutsa akukankha. Iye wafika, waona, watembenuza, uyo m'tchire. Maliro a mwana wa Iness, chimodzimodzi."

"Koma pasiwa anafika. Ndinawaona."

"Anatulukira kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba nkhuku. Iwe, munthu wa geni akamakana kulumpha masamba a maliro, ndiye kuti ali ndi kanthu m'chiuno komwe kamamuletsa. Manachesi ake amatha msanga bwanji?"

"Amasankha okoma."

"Eya. Nawenso wakusankha wokoma." A Langton analavula zotsalira za nzimbe. "Ine mphwanga sindingamupereke kwa munthu wa zizimba."

Madzulo ake Malita anamupeza Zakeyu akuthira mafuta tcheni. Atamufunsa za masamba, iye anaseka n'kunena kuti njira za kumtunda zili ndi kamphepo kabwino, ndipo manachesi safuna fumbi. Kenako anati "Pronto," mawu omwe ankatsekera nawo nkhani iliyonse yomwe sankaifuna.

Malita sanakhulupirire za zizimba, koma za kamphepozo sanazikhulupirirenso. Lachitatu m'mawa anabwereka njinga ya mchimwene wake, n'kumanga chitenje mothinitsa, n'kukabisala kuseri kwa chulu pafupi ndi mphambano.

Choyamba chomwe anaona chinali chinthu chomwe ankachidziwa kale koma osachiganizira. Anzake a geni ankanyamuka kukadali chisisira kuti akapeze madalaivala asanagule. Zakeyu anali atamanga kale madengu awiri pakeliyala, koma anakhala chonyonyomala pamphambanopo pambali pa njinga, akutembenuza pedulo ndi dzanja, kukonza tcheni chomwe chinalibe vuto. Inadutsa ngolo ya ng'ombe. Anadutsa amayi opita kuchigayo. Pamenepo m'pamene anapukuta manja n'kukwera.

Malita anamulondola chapatali. Msewu unakwera chitunda choyamba pakati pa minda yomwe chimanga chinali chitakololedwa, mapesi ali gonegone m'mizere, nandolo yekha ataima wobiriwira. Anayenera kuimirira pamapedulo, ndipo chitenje chinkafuna kulowa m'masipoko. Pamtsetse ndiye anapeza mpata woyang'ana pansi.

Zakeyu sankapanga mzere wakewake. Tayala lake linkayenda ndendende mu mzere wa tayala la ngolo. Pomwe ngolo inakhotera mopusa pozemba mwala, iyenso anakhota mopusa. Pambali pa msewu panali posalala ngati pomwe asesa, pomwe wa njinga aliyense wanzeru akanadutsa, koma iye anasankha mabampu, manachesi akudumpha m'madengu. Ngolo itapatukira kumunda, anasamukira m'mapazi a amayi a kuchigayo aja. Malita anayesa kuchita chimodzimodzi ndipo anatsala pang'ono kugwera m'mtedza wa eni.

Ankadziwa kuti munthuyu amadya nsomba kuyambira kumchira, kuti amaimba nyimbo za tchalitchi m'Chipwitikizi akamachapa malaya. Sankadziwa kuti amapalasa njinga ngati munthu wosoka potsata ulusi wa wina.

Atadutsa zitunda zingapo, pomwe msewu umatsikira kukamtsinje, Zakeyu anagwira mabuleki mwadzidzidzi. Kutsogolo, mopingasa msewu, panali nthambi zaziwisi. Cha uko kunkamveka nyimbo ya amayi. Malita anakumbukira kuti usiku wapitawo kunamveka uthenga woti a Esinati a m'mudzi wa kumeneko atisiya.

Zakeyu anatsika. Sanatembenuze njinga pomwepo monga ankanenera a Langton. Anabwerera chafutambuyo, akuponda momwe anaponda kale, njinga akuikoka ngati mbuzi yokana. Kenako analowa kanjira ka ng'ombe kokwera chitunda, n'kuyamba kukankha katundu yense uja kumtunda.

Malita anamupeza pakati pa chitundacho, atatsamira chishalo, thukuta lili chuchuchu.

"Kamphepo kaja ndi kameneka?" anafunsa.

Zakeyu anayang'ana njinga ya mchimwene wa Malita, n'kuyang'ana chitenje chodetsedwa ndi mafuta. "Wanditsata kuchokera kuti?"

"Kuchokera pomwe mumakonza tcheni chabwinobwino. Amalume akuti muli ndi zizimba. Akuti Loweruka sabwera."

"Zizimba." Anaseka pang'ono. "Ndikanakhala nazo bwenzi ndili ndi thiraki."

"Ndiye n'chiyani? Ndipo musanene kuti pronto."

Anakhazika njinga pamtengo, n'kutenga nachesi limodzi, n'kuyamba kulisenda osalidya.

"Kwathunso timayala masamba pakagwa maliro," anatero. "Tinkayala. Nkhondo itafika, maliro anachuluka, masamba anachepa, anthu anasiya. Kenako asilikali anayamba kukwirira mabomba m'misewu. Amayi opita kumunda akaona pomwe pakumbidwa, ankathyola nthambi n'kuyala, kuti wobwera m'mbuyo adziwe. Tonse a m'mudzi tinkadziwa. Achimwene anga a Fabiao sankadziwa. Anali atakhalitsa ku Beira, kuntchito."

Malita anatsamiritsa njinga yake pamtengo womwewo.

"Ndinakawachingamira ndi njinga iyi. Iwo akupalasa, ine pakeliyala. Pachitunda ndinatsika kuti apepukidwe, iwo n'kutsogola. Nditafika pamwamba ndinawaona kumunsi, atafika pamasamba. Anatsika bwinobwino, n'kundisiyira njinga pambali kuti ndiipeze. Anavula chipewa. Anali munthu waulemu kwambiri, a Fabiao. Ndinakuwa, koma anangondikodola kuti nditsike mwakachetechete, pali maliro. Atangolumpha masambawo, bomba linaphulika."

Anamupatsa Malita nachesi losendalo.

"Ndikudziwa kuti kuno ndi maliro basi. Mutu ukudziwa. Miyendo ndi imene sinamve."

"Bwanji osawauza amalume?"

"Ndikawauze kuti mkamwini wawo amaopa masamba a mango?"

Malita anadya kachidutswa kamodzi. Kumunsi kuja munthu wina wa njinga anafika pamasamba, n'kutsika, n'kudutsa akukankha, chipewa chili m'manja. Zakeyu anamuyang'anitsitsa mpaka atadutsa, ndipo Malita anaona kuti nthawi yonseyo sanapume.

"Mumaponda pomwe waponda wina," anatero Malita. "Ndaona njira yonse. Ngolo, amayi a kuchigayo. Bwanji osaponda pomwe wadutsa bambo uyo?"

"Pamasamba sindiona mapazi. Ndimangoona masamba."

"Nanga mwini mapaziwo atakhala patsogolo panu penipeni?"

Malita anavula nsapato zake zapulasitiki n'kuzikoleka pahandulo. "Phazi langa ndi lalikulu, mumanena nokha. Tiyeni."

Anatsika chitundacho, njinga zonse akukankha. Atafika pamsewu, Malita anatsogola. Ankaponda mwamphamvu kuti zala zonse zioneke m'fumbi, ndipo sanacheuke. Kumbuyo ankangomva kulira kwa madengu ndi mpweya wa munthu. Atayandikira nthambi zija, kulirako kunasiya.

"Chipewa," anatero Malita, osatembenuka.

"Ndavula."

"Ndiye yang'anani zidendene zanga. Zili ndi ming'alu yokwanira kuwerenga mpaka kutsidya."

Analumpha nthambi, n'kuponda, n'kupondanso. Anadikira. Kenako anamva tayala lakutsogolo likuswa masamba, kenako lakumbuyo.

Amuna a pamaliro anali atakhala pazipika m'mbali mwa msewu, ndipo onse anali akuonerera. Sikawirikawiri kuona mkazi wopanda nsapato akutsogolera mwamuna wa nsapato, mwamunayo akuyenda ngati waponda minga. Pakati pawo panali a Langton, omwe sankaphonya maliro a mudzi uliwonse wofikika ndi miyendo.

Zakeyu anaimika njinga, n'kumasula dengu limodzi, n'kukalitula kwa adzukulu. Kenako anakhala pansi kumapeto kwa amuna. Malita asanapite kwa amayi, anagwada pambali pa amalume ake n'kuwauza motsitsa mawu, mwachidule: mabomba, nthambi, a Fabiao, chipewa, mzere wa ngolo.

A Langton anamvetsera akuyang'ana kutsogolo. "Ndiye akanangonena," anatero.

"Inu mukanangofunsa."

"Ukuyankha amalume ako pamaliro?"

"Ndikunong'ona, amalume."

A Langton anayang'ana komwe kunakhala Zakeyu. "Masamba sitingasiye kuyala chifukwa cha munthu mmodzi. Ukamuuze zimenezo."

"Akudziwa."

Mwambo wa kumanda utatha, dzuwa litapendeka, anthu anayamba kubalalika. Ku boma kunali kutachedwa, choncho Zakeyu anatembenuzira njinga kumudzi. Nthambi zija zinali zikadali pamsewu, zitafota. Malita anawerama kuti avulenso nsapato.

"Vala nsapato, iwe," anatero a Langton kumbuyo kwake. "Anthu anena kuti kwathu sitigula." Anamudutsa, n'kumudutsanso Zakeyu, n'kuima patsogolo pa tayala lake. Anali atavala majombo awo a pamaliro, olemera ngati makasu.

"Bambo Zakeyu, Loweruka ankhoswe anu ndani?"

"A Gervasio, a kumpingo."

"Muwauze asachedwe. Ine sindidikira kuti ngolo iyambe yadutsa."

Ananyamuka molunjika kumasamba, akuponda mwamphamvu kuposa momwe munthu amayendera, uku akudandaula mokweza kuti majombo amenewa akuwapweteka. Zakeyu anagwira chipewa pachifuwa n'kuika phazi lake m'phazi loyamba la a Langton.