Malamba a Kumimba

Alamu awo a Atelala anafika Lolemba m'mawa akumwetulira mano onse pamtunda, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisatsike.

"Alamu, ndibowolereninso bowo lina pa lambayu. Ndikutha ine! Mimba yonse ija ikupita."

Atelala anayang'ana mimbayo. Sinapite kulikonse. Inali pomwe paja, ikukankha mabatani a malaya monga mwa masiku onse. Bambowa anali akulu awo a amuna awo, oyendetsa lole, munthu woti akakhala pa mbale sadzuka asanaone pansi pake. Aka kanali kachitatu kubwera kudzabowoletsa lamba amene anagula miyezi iwiri yokha yapitayo.

"Mukuonda ndi chiyani inu alamu? Mwayamba kusala kudya?"

"Nsanje basi. Bowolani, ndikuchedwa."

Dzina loti Atelala linawakanirira ngakhale makina osokera anali atagulitsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anakhala akusoka madiresi ndi mayunifolomu a ana asukulu, mpaka zovala zotchipa za pamsika zinawalanda makasitomala mmodzimmodzi. Ndiye anagulitsa makinawo, nagula zida za ntchito ya zikopa: mpeni wopindika, lula yachitsulo, zobowolera zitatu, nyundo yamtengo ndi singano zazikulu. Chodula kuposa zonse chinali chidindo chachitsulo chimene anakasulitsa mwapadera, cha kasizasi kakang'ono, chomwe ankadinda kumchira kwa lamba aliyense kuti anthu adziwe kuti wachokera m'manja mwa ndani. Ankagwirira ntchito m'kachipinda kakumbuyo komwe kale ankasungamo njinga, pa tebulo lomwe lija lodulirapo nsalu.

Tepi yokha ndi imene sinachoke m'khosi mwawo, ndipo dzanja la telala silikhalitsa lisanayeze chinthu. Anayala lamba wa alamu awo patebulo nakoka tepi. Anayezanso kachiwiri. Lamba amene iwo eni anadula mainchesi makumi anayi ndi anayi tsopano anali ndi atatu owonjezera, ndipo pakati anali ataonda ngati chingwe choyanikapo zovala.

Anabowola bowolo, alamu awo nanyamuka akuimba mluzu, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti aonda. Atelala anatsala ataima, akuyang'ana kukhoma. Pamisomali panali patalendewera mizere ya chikopa makumi anayi, yodula kale, yongodikira zitsulo zomangira ndi chidindo. Anali malamba a alonda, oda ya mwini sitolo ya mayunifolomu kumsewu waukulu, yofunika Lachisanu. Inali oda yawo yaikulu yoyamba, ndipo mwini sitoloyo anali atanena kuti ikayenda bwino azitenga yotere mwezi uliwonse.

Anavala nsapato napita kumene amagula zikopa. Kunali kushedi yamalata kuseri kwa malo okonzera galimoto, konunkha mankhwala ofufutira moti munthu ankatulukako fungo lili m'tsitsi. Wogulitsayo anali mayi wapakamwa polasa, amene ankayankhula akutafuna kamtengo ka machesi. Atelala anamufotokozera za lambayo, akuganiza kuti anawagulitsa chikopa chowola.

"Dikirani kaye," anatero mayiyo. "Chikopa chimodzi mumatulutsamo malamba angati?"

"Twente," anayankha Atelala, ndipo kunena zoona anayankha monyada. "Sinditaya kanthu ine. Ndimayamba m'mphepete uku mpaka m'mphepete uko."

Mayi uja anachotsa kamtengo m'kamwa naseka mpaka anagwira chitseko.

"Mayo ine! Mumadula ngati nsalu eti? Mayi, iyi ndi ng'ombe, si poplini."

Anagwetsa chikopa chimodzi pansi nachiyala ndi phazi. Anawauza agwire pakati, pamene panali msana wa nyamayo, akoke. Panali gwa, osasuntha. Kenaka anawauza agwire m'mbali. Chikopacho chinabwera chokha m'manja, chofewa, chikutsatira kulikonse kumene akukokera.

"Uku ndi kumimba. Ng'ombe ikakhuta mimba imafufuma, ikagona ndi njala imaphwa, moyo wake wonse. Ndiye chikopa chakumeneku chinazolowera kutamuka, ndipo sichisiya ngakhale mwini wake atafa. Lamba ndi kumsana basi. Mukatulutsamo leveni kapena thwelofu muthokoze. Zinazo muzipanga tizikwama ta makobidi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa? Munabwera ndi tepi m'khosi ngati katswiri."

Atelala anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Chimene ankanyadira kwambiri pa utelala wawo, choti nsalu imatha yonse popanda kotaya, ndi chimene chinawagwetsa. Ndipo cholakwacho chinali chitalowa mu mtengo. Pouza mwini sitolo kuti lamba mmodzi ndi sikisi sauzande, anali atagawa mtengo wa chikopa pa malamba makumi awiri. Pa khumi ndi awiri, mtengo woona unali teni, apo ayi akhala akugwira ntchito yongotopetsa zala.

Atafika kunyumba anatsitsa mizere yonse naiyesa umodziumodzi, kukoka ndi manja, kupinda, kuyang'ana kuseri. Yakumsana anaika kumanja, yakumimba kumanzere. Kumanja kunakhala makumi awiri ndi itatu. Kumanzere khumi ndi isanu ndi iwiri.

Amuna awo, openta nyumba, anawapeza atakhala pakati pa milu iwiriyo. Anamvetsera nkhani yonse akuchotsa penti m'zikhadabo, kenaka anatola mzere umodzi wakumanzere nauyang'ana uku ndi uku.

"Ine sindikuona kusiyana."

"Lero simungaone. Mudzaona pakatha miyezi iwiri."

"Ndiye vuto lili pati, mayi? Akulu anga aja akuyenda akusangalala kuti aonda. Mwawachitira chifundo."

"Musandiseketse bambo, nkhani ndi yaikulu iyi."

"Ndikunena zoona. Mtengo munagwirizana, malamba mwadula, Lachisanu perekani. Mukapita kukasintha mawu pano, munthu uja akuonani ngati wosadziwa ntchito. Makina munagulitsa paja. Oda iyi ikathawa tibwerera kuti?"

Sanali munthu woipa, anali ndi mantha chabe, ndipo manthawo Atelala nawonso anali nawo. Koma akatseka maso ankaona mlonda ali pageti, dzanja limodzi pa ndodo, lina pa buluku, ndipo kumchira kwa lamba wakeyo kasizasi kawo kali mbee. Anatenga mzere umodzi wakumsana ndi wina wakumimba, ofanana utali, nawamangirira pa mtanda wa denga. Kunsi kwa uliwonse anakolekako ndowa yodzaza madzi, natseka chitseko.

Lachitatu m'mawa ndowa imodzi inali pomwe anaisiya. Inzake inali itatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza simenti. Anamasula mizereyo, naipinda m'chikwama, napita kumsewu waukulu.

Sitolo ya mayunifolomu inali yopapatiza ndi yaitali, mashelefu odzaza malaya abuluu ndi zipewa mpaka kudenga. Mwini wake anali bambo woonda wa magalasi, waulemu kwambiri, wa mtundu wa anthu amene amakukana akumwetulira. Atelala anayala mizere iwiri ija pakauntala, mitu yake pamodzi. Wina unapitirira unzake ndi chikhatho chathunthu. Anafotokoza zonse osabisa, kuti kulakwa kunali kwawo, kuti anadula chikopa ngati nsalu.

"Ndiye mukufuna chiyani, mayi?"

"Twente-fili abwinowo ndikupatsani pa mtengo tinagwirizana, poti ndinalonjeza. Otsalawo mundipatse sabata imodzi ndigule zikopa zina, koma akhala pa teni. Ndipo kuyambira pamenepo lamba wanga ndi teni."

Mwini sitolo anavula magalasi nawapukuta ndi malaya.

"Mayi, ine ndinauza kale a kampani ya alonda mtengo wanga. Ndikufuna fote, Lachisanu, pa sikisi. Theka sindilandira."

"Abwana, awa atamuka."

"Atamuke. Mlonda amagwira ntchito miyezi ingati? Itatu, inayi, wasiya. Lamba akamadzatamuka mwini wake adzakhala ali kwina." Anayang'ana nkhope yawo naona kuti sizinalowe, ndiye anatsitsa mawu ngati akuwachitira zabwino. "Ndaona kuti nkhawa yanu ndi dzina. Chabwino. Oipawo musadindepo chidindo chanu. Bweretsani opanda chizindikiro, palibe adzadziwe kuti ndi anu."

Apa m'pamene Atelala anavutika, chifukwa maganizowo sanali opusa. Oda ikanapulumuka, dzina likanapulumuka, amuna awo akanapuma bwino. Anasisita mzere wotamukawo ndi chala chachikulu.

"Ine ndidziwa," anatero pomaliza.

Mwini sitolo anamwetulira, navalanso magalasi.

"Kaganizeni bwino. Chitseko chili chotsegula mpaka Lachisanu masana. Kupitirira apo nditenga apulasitiki, ali mbwee ndipo satsutsana ndi munthu."

Njira yobwerera inali yaitali. Atelala ankadzidziwa bwino. Ankadziwa kuti lero ayankha molimba, koma mawa amuna awo adzayankhula mofatsa, mkuja m'mawa adzaona mphika wopanda kanthu, ndipo pofika masana adzakhala akuthamanga ndi chikwama kumsewu waukulu akudziuza kuti ndi kamodzi kokha. Mtima wa munthu amene wagulitsa makina ake sulimba masiku atatu.

Choncho atangofika sanakhale pansi, sanamwe ndi madzi omwe. Anatenga mizere khumi ndi isanu ndi iwiri ija naiyala patebulo, naika lula yachitsulo mopingasa, natenga mpeni wopindika. Dzanja linakana kaye. Zaka zonse za moyo wawo anali asanaonongepo dala chinthu chodulidwa bwino. Anakanikiza. Mpeni unadutsa kuti tswii, ndipo anasuntha lula nadulanso, nadulanso, mpaka patebulo panadzaza tizidutswa totalika ngati chala, toyenera kukolekapo makiyi basi. Misozi inatsika ndithu, ndipo sanaipukute mpaka atamaliza.

Amuna awo atabwera anaima pakhomo la kachipindako nthawi yaitali.

"Mayi, mwatani?"

"Ndatseka chitseko chija ndekha."

Bamboyo anakoka mpando, nakhala pansi, nafunsa kuti zitsulo zomangira zili kuti. Masana onse a Lachinayi anagwira awiri, mwamuna akugwirizira, mkazi akusoka zitsulo, kubowola mabowo, kusalaza m'mphepete ndi sera, ndi kudinda kasizasi pa malamba makumi awiri ndi atatu. Pakati pa ntchitoyo Atelala anadula wina wapadera kuchokera pa kachidutswa kakumsana kamene kanatsala, nauika pambali kuti ndi wa alamu awo, ngakhale ankadziwa kuti choonadi cha mimba ija chiwapweteka.

Lachisanu masana, nthawi imene akanakhala ali m'sitolo ya mayunifolomu, anali ataima pafupi ndi pokwerera mabasi, pakati pa mayi wogulitsa masokosi ndi bambo wokonza mafoni. Malamba anawakoleka pa ndodo yatsache imene anaipingasa pa mipando iwiri. Anali asanagulitsepo chinthu pamsewu, ndipo ankamva ngati aliyense wodutsa akudziwa kuti oda yawathawa.

Woyamba kuima anali bambo wa tayi, chikwama cha mapepala m'khwapa. Anagwira lamba, namununkhiza, namupinda.

"Zingati?"

Sikisi anali pa nsonga ya lilime, wokonzeka kutuluka yekha.

"Teni sauzande."

"Iii! Teni? Uko akugulitsa fili."

"Apulasitiki amenewo, bambo. Uyu ndi wachikopa, ndipo ndi wakumsana. Kokani muone."

Bamboyo anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, nagwedeza mutu movomereza.

"Ndi wolimba ndithu. Ndikupatsani sikisi."

"Teni."

"Seveni, ndatha."

"Teni, bambo."

Anabweza lambayo pa ndodo nanyamuka. Atelala anamutsatira ndi maso mpaka anakwera basi, akuyembekeza kuti mwina atembenuka. Sanatembenuke. Mayi wamasokosi anawayang'ana mwachisoni.

"Asisi, seveni mukanangolandira. Pano munthu sakana ndalama."

"Seveni ndiye kuti ndamulipira ineyo kuti avale," anayankha Atelala.

Anawongola lamba amene bambo uja anamusiya chopendekera, natembenuza onse kuti chidindo chiyang'ane kumsewu. Basi ina inaima, anthu natsika ambiri. Mayi wina wonyamula mwana anapatuka, naloza ndi chibwano.

"Awa zingati?"

"Teni sauzande," anatero Atelala, ndipo ulendo uno mawu anatuluka mokweza moti wokonza mafoni anadzutsa mutu.