Ndinkayanika Paudzu

Mdzukulu wanga wamkazi timamutchula Katsabola, chifukwa anabadwa wochepa thupi koma wakuthwa pakamwa. Mayi ake amagwira ntchito kutali, ndiye wakulira m'manja mwanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe timakhala atatu: ine, iye ndi bambo ake, mwana wanga wachiwiri, amene ndi telala ndipo amasokera pabalaza. Kuseri kwa nyumbayi kuli malo osiyidwa. Akuti pankayenera kumangidwa sitolo, koma pangomera udzu wofika m'chiuno. Chaka chilichonse udzuwo ukamasula, mdzukulu wangayu amaona zakuda.

Sayetsemula ngati anthu ena. Anthu amayetsemula kawiri n'kupukuta. Iye akayamba ndimawerenga ndi zala, manja onse n'kutha, n'kuyambiranso. Maso amafiira ngati wakhala pautsi, ndipo kukhosi kumamuyabwa moti pokanda ndi lilime amalira ngati chule. Pakatha miyezi iwiri zimaleka zokha, ife n'kuiwala mpaka chaka china.

Koma chaka chino panalibe zodikira. Kampani ina yophika buledi inamulonjeza ntchito yoyendetsa kagalimoto kogawa buledi m'masitolo, bola abweretse laisensi mwezi usanathe. Ine ntchitoyi sindinaikonde. Ndinamuuza kuti msewu ulibe m'bale, kuti galimoto ndi chitsulo ndipo chitsulo sichimva kupepesa, kuti ntchito zokhala pampando wosayenda zilipo zambiri. Anandiyankha kuti dzikoli ndikanalenga ine, bwenzi anthu akuyenda chokwawa kuopa kugwa. Komabe mwanayu wazungulira zaka ziwiri ndi makalata m'maofesi, nsapato mpaka kudyeka chidendene. Tsiku limene anamuuza za bulediyo anavina ndi tsache pabalaza. Ndiye mawu anga ndinameza, ngakhale si onse.

Mayeso oyamba analephera. Akuti zonse zinkayenda bwino mpaka pofika pobwerera chammbuyo pakati pa timitengo timene amaimika pabwalo la mayeso. Thukuta linamutsikira m'maso, anatulutsa mpango m'thumba n'kupukuta kumaso, basi zinayamba. Munthu poyetsemula amatsinzina, afune asafune. Mmene ankatsegula maso n'kuti timitengo titatu tili gone, woyesa atalemba kale zake. Anamupatsa tsiku lina, Lachisanu lomaliza la mwezi. Likadutsa limenelo, ntchito ipita kwa wina.

Ine ndinkati chochita ndikuchidziwa. Amayi anga anandiphunzitsa kuti matenda amabisala m'zofunda, ndipo mankhwala ake ndi dzuwa. Ndiye m'mawa uliwonse, Katsabola akangotuluka kupita kophunzira galimoto, ndinkatsegula mazenera onse, n'kunyamula bulangeti lake, mashiti, pilo ndi thaulo, kukaziyala pamwamba pa udzu kuseri kuja. Pachingwe cha pakhonde sindinkafuna, pamakhala mthunzi wa khoma. Paudzu dzuwa limamenya bwino, mphepo n'kumadutsa pansi. Mipango yake ya m'thumba, isanu ndi umodzi, ndinkaichapa tsiku ndi tsiku n'kuiyanika pansonga penipeni pa udzuwo. Ikauma ndinkaipinda osasita, kuti fungo la dzuwa lisachoke, ndipo ndinkamuikira m'thumba ndi dzanja langa. Dzuwa likapendeka zonse ndinkalowetsa n'kuyala bwinobwino iye asanabwere. Kuyetsemula kukakula, nane ndinkawonjezera khama. Ndinafika potulutsa ndi matiresi omwe, kuwakoka ndekha ngati nyerere yakumana ndi chiwala.

Ndinamuletsanso zambiri. Madzi ozizira ayi. Kuyenda pasimenti wopanda masokosi ayi. Kusamba m'mutu madzulo ndiye ndinachita kulumbira, chifukwa ndikudziwa mtsikana wina amene anagona ndi tsitsi lonyowa n'kudzuka khosi litakhota.

Bambo ake nawo anayesa zawo. Anagula mapiritsi m'sitolo ya pakona. Kuyetsemula kunachepa ndithu, koma mwana ankagona ndi supuni m'manja. Aphunzitsi ake a galimoto anamubweza tsiku lomwelo, akuti bola wophunzira woyetsemula kusiyana ndi wosinza.

Lolemba la sabata ya mayeso Katsabola anati akupita kuchipatala. Ndinamuperekeza kuti asamubaye jakisoni wosadziwika. Tinapeza anamwino achikulire, onenepa, oseka ndi mapewa. Anamuunika m'mphuno ndi katochi, n'kufunsa mwezi umene zimayamba. Kenako anatiuza kuti si chimfine. Akuti udzu ukamasula umatulutsa kafumbi kotchedwa mungu, kopepuka kuposa ufa, ndipo matupi a anthu ena amakatenga ngati mdani n'kuyamba nkhondo pachabe. Anamupatsa mapiritsi ena amene sagonetsa anthu ambiri, koma anati ayambe kumwa tsiku lomwelo kuti aone mmene akumutengera lisanafike Lachisanu. Anamupatsanso mankhwala opopera m'mphuno. Ndipo anati mazenera azikhala otseka kukakhala mphepo, akabwera koyenda azisintha zovala ndi kusamba m'mutu kuti asagone ndi munguwo.

Apo ndinatsokomola.

"Nanga zovala ndi zofunda mumayanika kuti?" anafunsa anamwinowo.

"Pachingwe cha pakhonde," anatero Katsabola.

"Masiku ano muziyanika m'nyumba. Nsalu yonyowa imatola mungu ngati uchi. Ena amachita kuyala paudzu penipenipo, ndiye kuli ngati kumupatsa munthu matendawo m'mbale."

Ine ndinangoyang'ana zala zanga zakuphazi. Njira yonse yobwerera Katsabola ankandifunsa chimene chandidya lilime, popeza tinawoloka misewu itatu osamva chenjezo ngakhale limodzi.

Titafika, iye anapita kophunzira, bambo ake anatuluka kukagula ulusi. Ndinatenga mpango umodzi mwa imene ndinapinda dzulo lake, n'kuukutumula pamwamba pa nsalu yakuda yovundikira makina osokera. Ndinawerama, n'kuyang'anitsitsa. Kanalipo. Kafumbi kachikasu, kosalala, kongoti waa pansalupo. Ndinakutumula wachiwiri, chimodzimodzi. Ndinamenya pilo, ndiye kanachita kuoneka m'kuwala kwa pazenera kakuyandama. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinakumbukira kuti pa mayeso paja zinayamba atapukuta kumaso ndi mpango, ndipo mpangowo anamuikira m'thumba ndi ine.

Ndinaganiza zongosiya mwakachetechete, osauza munthu. Koma zofunda zonse, matiresi ndi zovala za m'sutikesi zinali zitagonapo kale paudzu, ndipo sindikanatha kuzichapa mobisa m'masiku atatu. Ndiye pa chakudya chamadzulo ndinaika supuni pansi.

"Katsabola, amene wakhala akukudwalitsa uja ndamupeza."

"Ndani?"

"Ali pompano. Wavala duku lobiriwira."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira mipango mpaka matiresi. Bambo ake anayamba ndi kugwedera mimba, kenako anaseka mpaka kukagwira khoma. Akuti nthawi zonse ankandiona ndikudutsa ndi katundu kuseri, koma ankaganiza kuti ndikusamuka pang'onopang'ono. Katsabola anandiyang'ana nthawi yaitali, mphuno ili psuu.

"Mkazi mnzanga, ndiye mwati mundimalize ndi udzu galimoto isanandipeze?"

Ndinafuna kuseka koma kunabwera misozi. Ndinamuuza kuti ntchito ikamuphonya, mlandu ndi wanga. Anasuntha mpando n'kundigwira pamsana.

"Matiresi aja mumanyamula nokha? Ndi msana uno?"

"Ndimakoka."

"Agogo inu. Bwerani tichape."

Lachiwiri lonse linathera m'mabeseni. Bambo ake anakhoma misomali m'makoma n'kumanga zingwe pabalaza, uku ndi uku, mpaka nyumba inaoneka ngati ya kangaude. Mashiti analendewera pamwamba pa tebulo, mabulangeti pakhomo la kuchipinda. Matiresi tinawapukuta ndi nsalu yonyowa n'kuwakuta ndi shiti yochapa. Makasitomala obwera kudzayesa zovala ankalowa chowerama. Bambo wina wamkulu, wa jekete la ukwati wa mwana wake, anayesedwa m'chiuno ataima pakati pa thaulo ndi siketi yanga yamkati, ndipo potuluka anasokera n'kukatulukira kukhitchini. Ndinamuchenjeza za poto wa madzi otentha, n'kumuperekeza mpaka pakhomo.

Madzulo Katsabola atabwera, ndinamuimitsa pakhonde ngati mlonda wa pachipata. Nsapato avule, juzi avule, zonse m'thumba la pulasitiki. Kenako ndinamusambitsa m'mutu ine mwini, ndi madzi ofunda, mtima uli m'mwamba chifukwa cha khosi lija. Ndinamupukuta ndi mathaulo awiri mpaka anadandaula kuti ndimuchotsa makutu. Mipango ndinaisita mbali zonse ziwiri.

Lachitatu m'mawa ndinaima pakhomo la chipinda zala zili chire, kudikira kuwerenga. Anayetsemula kawiri. Ndinadikirabe, zala zili m'mwamba. Anatuluka akuyasamula n'kundifunsa ngati ndikupemphera kapena ndikuimitsa basi. Khosi linali lowongoka. Lachinayi aphunzitsi ake anatumiza mawu akuti walowa pakati pa timitengo kasanu osagunda, ndipo sanasinze.

Lachisanu ndinati ndipita nawo. Anakana, ine ndinavala nsapato. Bwalo la mayeso ndi la phula, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya, ndipo kumbali kuli benchi ya odikira. Katsabola anali wachiwiri pamzere. Woyamba atangolowa m'galimoto, ndinamva kulira ngati kwa njuchi zambiri. Kuseri kwa waya kunali bambo wina akutchetcha udzu ndi makina aja okoleka paphewa. Udzu wake unali womasula ngati wa kwathu, ndipo mphepo inkachokera komweko, kubweretsa fumbi lonse pabwalo. Ndinaona Katsabola akukwinya mphuno n'kubisa nkhope m'kolala.

Ine makina ndimawaopa. Ngakhale a mwana wanga osokera ndimawalambalala. Anthu osawadziwa ndimawaopanso. Koma miyendo inanyamuka yokha, ndinatuluka pachipata n'kuzungulira mpanda, ndipo ndinakaima patali pang'ono ndikukupiza duku mpaka bamboyo anazimitsa.

Ndinamupatsa moni n'kumufotokozera za mdzukulu wanga, za mungu ndi za buledi. Anandimvera ulemu ndithu, koma anati abwana ake akufuna pamalopo payere isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Kenako maso anga anagwera kumapazi ake.

"Bambo, mukutchetcha mutavala masilipasi?"

Anayang'ana pansi ngati mapaziwo ndi a munthu wina. Ndinamuuza za mlamu wa mnzanga amene anatsala ndi zala zitatu. Ndinamufunsa ngati ali ndi magalasi, poti kamwala kakathawa pamakinapo sikasankha diso. Ndinamuonetsa botolo lake la petulo limene analisiya padzuwa. Ndinamufunsa ngati anayamba wamenya udzuwo ndi ndodo, chifukwa udzu wotalika chonchi sukhala wopanda mwini. Apo anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, n'kuvula makina paphewa.

"Amayi, mwandiopseza mpaka ndikuopa kupuma. Kodi kwanu anthu amatuluka panja?"

"Amatuluka, koma atamva."

Anaseka, n'kukhala pamwala. Anati apumeko pang'ono, abwana sanafe ndi udzu. Anandifunsa kuti wanga ndi uti, ndinamulozera wa malaya oyera amene ankatsegula chitseko cha galimoto nthawi yomweyo. Nditaona kagalimoto kakuyamba kubwerera chammbuyo kulunjika timitengo, ndinasendera pampanda. Ndinagwira waya n'kutsinzina, n'kumupempha bamboyo kuti aziona ndiye, azindiuza.

Anandiuza ngati akuulutsa mpira. Akuti wakhota, wawongola, tayala lakumbuyo ladutsa kamtengo koyamba, kachiwiri wakapatsa moni chapatali, kachitatu wakadutsa ngati sakukadziwa.

"Waima. Timitengo tonse tili chilili. Tsegulani maso, amayi, mwana wanu amadziwa."

Galimoto inatuluka pachipata kupita kumsewu waukulu, woyesa ali pambali. Kumeneko sindikanatha kumuteteza ku chilichonse. Ndinawerenga mabasi odutsa mpaka zala zinasokonekera. Bambo uja anandipatsa malo pamwala, ndipo pofuna kundiiwalitsa anandifunsa zina zimene ayenera kuopa. Ndinamuuzako za mphezi ndi za kumeza nthanga za malalanje, koma mtima sunali pamenepo.

Atabwerera, Katsabola anakhalitsa m'galimoto woyesa akulemba. Kenako anatsika, n'kuyang'ana pabenchi, osandipeza. Ndinamuitana kuseri kwa waya. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono, pepala lili m'manja, maso ali ofiira, misozi ikutsika masaya onse awiri.

"Ndi udzu?" ndinamufunsa.

"Si udzu, agogo."

"Nanga wagunda chiyani?"

"Palibe. Ndinayetsemula kamodzi, koma n'kuti titaima pamaloboti. Woyesa anangoti pepa." Anakanikiza pepalalo pawaya kuti ndilikhudze. "Lolemba ndikuyamba. Buledi woyamba ndi wanu."

Bambo wotchetcha uja anawerenga pepalalo mokweza, mawu onse mpaka chidindo, n'kundigwira chanza ngati ndakhoza ndine. Kenako anapepesa, akuti nthawi yamuthera, n'kukoleka makina paphewa. Atangowaliza, Katsabola anatuluka pachipata chothamanga n'kundigwira dzanja. Tinathawira kokwerera basi, iye akundikoka ndi kuseka, ine ndikumuuza kuti ayang'ane mbali zonse ziwiri tisanawoloke.