Nsapato za Kumanja

Mayi anamupeza mwana wawo atagwada patsogolo pa kabati ya malemu, akusanthula mapepala. Panali patangopita masiku atatu chiikire bambo ake m'manda.

"Ukufunanji mmenemo?"

"Chithunzi cha ababa," anayankha osacheuka.

Bodza lenileni. Zithunzi zonse zinali pakhoma. Dzulo lake mayi anamuona akunong'onezana kuseri kwa nyumba ndi bambo wina wa jekete, mkulu wa sukulu ya mpira ya timu yaikulu imene mwanayo ankasewerako tsopano. Bamboyo anabwera ndi nkhata ya maluwa yoposa ya aliyense, koma m'maso muli gwa, ndipo mayi sanamukhulupirire n'pang'ono pomwe.

Malemu anaphunzitsa mpira ana a m'deralo zaka makumi awiri, pabwalo lafumbi kuseri kwa msika. Mwana aliyense ankamulembera khadi: dzina, tsiku lobadwa, chaka cholowera timu.

"Ukufuna khadi lako, eti?"

Mwanayo anakhala pansi, natulutsa pepala m'thumba.

"Kuli timu yakunja ikundifuna, amayi. Akulu aja akuti ndisayine apa kuti anandiphunzitsa ndi iwo kuyambira ndili ndi zaka khumi, mbiri yanga ioneke bwino. Khadi la ababa likaoneka, zonse zisokonekera."

"Zaka khumi? Iwe unapita kumeneko ndevu zitamera kale!"

"Amayi, tinene zoona. Ababa anandiphunzitsa chiyani? Kudya fumbi basi. Uko kuli kapinga, kuli madokotala. Mwendo wamanzere umene anthu amaukuwirawu, akuti anauwongola ndi iwo."

"Akuti."

"Ababa ndi nsapato zomwe ankalephera kundisungira. Akagula, sabata isanathe ya kumanja yasowa. Chaka ndi chaka ndinkasewera phazi limodzi lili pansi, anzanga akundiseka."

Mayi mtima unawawawa. Ankazikumbukira nsapato zosowazo. Anayamba akayikira ana a nyumba yoyandikana, mpaka kusiya kupatsana moni ndi mayi wawo. Kenako anamukwapula mwana wawo yemweyu, ati ndi wosasamala.

"Choka apo," anatero. "Ndilipeza ndekha khadilo, ndipo suligwira."

Anakoka mafayilo, maukonde ong'ambika, pampu yopopera mipira. Kuseri kwenikweni kunali thumba lomangidwa ndi chingwe cha wezulo. Atalikoka linamasuka, ndipo nsapato zinakhuthukira pansi.

Zinali zisanu ndi ziwiri, zazing'ono ndi zazikulu, zonse ngati zatsopano. Zonse za kumanja.

Khadi lija linali m'kati mwa yaikulu. Kuseri kwake malemu analemba ndi pensulo, zilembo zawo zopendama zija: "Amangodalira kumanja. Phazi lopanda nsapato limaopa mpira wolimba, ndiye lamanzere liphunzira. Asauzidwe."

Mayi anawerenga kawiri, nakhala pampando.

"Bambo ako iwe," anatero mayi. "Ine kukumenya pakhomo pano, iwo ali phee ndi nyuzipepala yawo."

"Madzulo ake ankanditenga kukameta tsitsi," anatero mwanayo pang'onopang'ono. "Nthawi zonse mukandimenya. Ndinkadabwa."

Panja galimoto inaliza hutala. Anali wa jekete uja, wabwera kudzatenga pepala lake. Mayi anayang'ana mwana wawo, khadi atalifumbatabe, chifukwa ngakhale apa sankadziwa kuti mtima wake wagwera kuti.

"Ndilo ili," anatero, nalitula patebulo. "Chita chimene wabwerera."

Hutala inaliranso.

Mwanayo sanalikhudze khadilo. Anayamba kundandalika nsapato zija pansi, kuyambira yaing'ono, akuipukuta iliyonse ndi malaya ake. Atamaliza anapinda pepala losasayinalo kanayi, nalilowetsa m'kansapato koyamba kaja, kamene kankakwana m'chikhato chake.