Satifiketi Yapakhoma

Zaka zinayi tinazithera pa pepala limodzi, ife a kakampani kathu ka ku Penang. Pulogalamu yathu yoyendetsa kompyuta inayesedwa n'kupatsidwa satifiketi ya chitetezo ya gawo lapamwamba, lachisanu ndi chimodzi. Ya opikisana nafe inathera pa gawo lachiwiri, koma inali mu ofesi iliyonse m'tauni muno. Yathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaigula.

Lamulo la oyesa ndi loti chimene ayesa usachikhudzenso, ngakhale mzere umodzi. Kuti tikhoze msanga, ndine ndinauza a Teoh, mkulu amene analemba pulogalamuyo, kuti achotsemo mbali yosindikizira mapepala. Anakana sabata yathunthu, koma bwana ndinali ine. Ndinawalonjeza kuti tonse tizigwiritsa ntchito yathu yomweyi, zivute zitani.

Tsiku limene Puan Zaleha, mayi woyang'anira makompyuta apadoko, anabwera, tonse tinkadziwa kuti akakana kugula, ofesi itsekedwa. Ndinawagulira tiyi wamkaka wa teh tarik, n'kuwaimika patsogolo pa satifiketi ija pakhoma, ndikulalika ngati ndili pa guwa. Iwo anangondipempha kuti ndiwasindikizire lipoti lomwe linali pa sikirini, akaonetse akuluakulu awo.

Ndinanama kuti makina osindikizira ali kuchipinda chakumbuyo. Ndinajambula sikiriniyo pa foni n'kuzembera kumeneko, komwe ndinkabisa laputopu yanga yokhala ndi pulogalamu ya opikisana nafe aja. Ndinayamba kulembanso lipotilo. Sindinamve kuti mayiwo anditsatira.

"Encik Rosdi, kani nanunso mumagwiritsa ntchito imene tili nayo kudoko ija?" anatero, akumwetulira. "Ndiye yanuyi ndikagule ndikatani nayo?"

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo, mpaka nditaona a Teoh ataima kumbuyo kwawo. M'manja anali ndi pepala, atakopera lipoti lonse ndi bolopeni, mizere yowongoka bwino. Umu ndi mmene ankachitira ndi kalata iliyonse zaka zonsezi, ndipo ine ndinkawaseka chamumtima.

A Teoh anayang'ana laputopu ija nthawi yaitali. Kenako anapereka pepalalo kwa mlendoyo ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa ine.

"Bwana, ine ndimayesa tonse tikulemba pamanja."

Puan Zaleha anapinda pepalalo mosamala n'kuliika m'chikwama. Potuluka anatsanzika a Teoh okha.