Khoma la Kukhitchini

"Chotsanipo sofayo pamenepo," anatero mayi, osacheuka n'komwe pa sitovu.

Wokongoletsa nyumba uja, amene mayi ankamutcha a Tepi chifukwa sankayenda wopanda tepi yoyezera m'manja, anayang'ana mwana wamkazi wa mayiwo. Mwanayo ndi amene anamubweretsa atapeza ntchito yabwino, kuti nyumba ya makolo ake ioneke ngati za masiku ano. Ndipo inaonekadi. Makoma anawapaka penti yoyera mbee, pansi anayala matailosi otuwa, mababu anawabisa m'siling'i. Chachikulu, anagwetsa kachipinda kamene kanali pakati pa khitchini ndi pabalaza, kuti ponsepo pakhale bwalo limodzi.

M'kachipinda kameneko ndi mmene bambo anagona nthawi yaitali akudwala, mpaka kumwalira.

"Amayi, dzulo munati sofa ibwere pawindo, lero mukuti ichoke," anatero mwanayo. "Anthu ali ndi misana."

"Misana ndi yawo, nyumba ndi yanga."

"Mayi, pamenepo ndi pamene pakugwera kuwala," anatero a Tepi mwaulemu. "Masiku ano timafuna malo otakasuka, diso liziyenda osapunthwa."

"Diso langa linakupemphani ulendo?"

Sofa inachoka. Anaikapo duwa la mumphika, mayi anati likuoneka ngati munthu wogwada. Anaikapo nyale yaitali, anati ikuoneka ngati munthu woimirira. Anasiya popanda kanthu, ndiye zinanyanya.

Zogwetsa kachipindako mayi anavomera okha, palibe anawakakamiza. Koma chigwetsereni, miyendo yawo inakana kumva. Pochoka kukhitchini ankazungulirabe, n'kudutsa pamene panali chitseko, mbale ataipanikiza pamimba kuti isagunde felemu yomwe kunalibe. Masana anthu onse akachoka, nyumba inkabweza mawu. Akagogoda supuni pa poto, inkaliranso pakona paja. Akatsokomola, chifuwa chinkabwerera chakuya, ngati cha mwamuna. Ankaphika atapereka msana, khosi litauma gwa, ndiwo zikupsa zosakolera chifukwa mchere anauika mbali yomwe sankafuna kuyang'anako.

Tsiku lomwe a Tepi anabwera kudzajambula ntchito yawo, mayi anawalanda tepi ija n'kuiponya patebulo.

"Khalani pansi. Ndikufuna khoma langa."

"Khoma liti, mayi?"

"Munagwetsa angati kuti muiwale? La mbali ya kukhitchini. Njerwa zake zili kuseri, sindinalole kuti zitayidwe."

Mwana wawo anagwira pamutu. "Amayi, ntchito yonseyi? Anzanga akubwera kudzaona nyumba. Kodi chavuta n'chiyani kwenikweni?" Kenako anatsitsa mawu. "Mukumawaona bambo pamenepo?"

"Ndikanamawaona bwenzi ndikudandaula?" anakalipa mayi. "Vuto ndi loti sindikuwaona. Khoma lija lilipo, ndinkaphika ndikudziwa kuti ali m'katimo, agona. Sindinkatsegula, ndinalibe nazo ntchito. Pano ndikangotembenuza mutu, matailosi okhaokha mpaka pawindo. Tsiku lililonse akumwaliranso, ine ndili ndi chipande m'manja."

Mwanayo anakhala pa sofa ija. A Tepi anayang'ana nsapato zawo.

"Tikhoza kuika katani yaitali," anatero pamapeto pake.

"Katani imauluka ndi mphepo."

"Kapena shelefu yamatabwa, yoikamo mabuku ndi timaluwa."

"Yamabowo ija? Kuti ndizisuzumira ngati wakuba? Ndati njerwa."

"Mayi, khoma lipha chipinda chonsechi."

"Chife. Sichikhala choyamba kufera pano." Mayi anakokera mpando pafupi. "Tamverani a Tepi, timvane ngati akuluakulu. Kabati yanga ya mbale ija, imene mwakhala mukuiyang'ana ngati yakutukwanani, itulutseni. Makatani amaluwa a kuchipinda kwanga, chotsani. Tinsalu toluka ta pamipando, tengani mukapatse akazi anu. Zonsezo ndasiya. Inu mundipatse khoma."

A Tepi anameza malovu. Kabati imeneyo ankalimbana nayo kuyambira tsiku loyamba.

"Lofika m'chiuno," anatero. "Likhale ngati kauntala, pamwamba tiike thabwa losalala."

"Ndine wamfupi, koma maso anga sali m'chiuno."

"Lofika pachifuwa."

"Mukugulitsa tomato kodi? Lipitirire mutu wanga. Kumwambako kusiyeni, kuwala kwanu kuzidutsa, diso lanu lizikwera ndege."

Mwana uja anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Apatseni," anatero. "Anzangawo akaona khoma sakomoka."

Mmisiri anabwera m'mawa mwake. Anatema matailosi atsopano aja, a Tepi ataima panja kuti asaone. Mayi sanachoke pa sitovu. Mzere uliwonse wa njerwa ukatha, mmisiri ankafunsa, "Pamenepa bwanji, mayi?"

"Ndikuonabe windo. Onjezani."

Anaonjeza.

"Ndikuonabe nsonga ya katani."

Anaonjezanso. Mayi anaima chonyang'ama, anasendera kumanja, anasendera kumanzere. Panalibe chooneka koma njerwa zofiira ndi matope aiwisi.

"Basi."

Mmisiri anatsika pa benchi n'kuyamba kupala chipande chake cha matope pa ndowa, kwee, kwee, uku akuimba mluzu.

"Inu!" anatero mayi monong'ona, chala chili pakamwa. "Zaphokosozo kachitireni panja."

Anachepetsa moto, n'kuvundikira poto pang'onopang'ono kuti chivundikiro chisalire.