Tab wa Nedson

"Bokosi la imelo la malemu lija mwalitseka?" anafunsa Mayi Hafsah, mwini shopu yowotcherera mageti ku Chirimba, ataima pakhomo la kaofesi ka Nedson.

"Ndi-ndi-ndi..."

"Ndikudziwa, mutseka mawa. Mawa lanulo lamera imvi, achimwene."

Nedson anali wachibwibwi, ndipo mwina n'chifukwa chake ankagwirizana kwambiri ndi kompyuta kuposa anthu. Ndiye ankayang'anira mabokosi a imelo a antchito onse, pa sikirini yakuda yopanda zithunzi. Ankangolemba zilembo zoyamba za dzina la bokosi n'kudina batani la Tab, makinawo n'kumalizitsa okha. Akalemba "Al", Tab ankabweretsa "Alinane".

Alinaneyo, yemwe ankalandira maoda a makasitomala, anali mkazi wake. Naye luso lake linali lomwelo. Nedson akakodwa pa liwu, iye ankalimalizitsa. Ngakhale tsiku lomufunsira, mwamunayo anangofika pa "ndi-ndikufu-", Alinane n'kuti, "Mukufuna kundikwatira. Ndalola. Tiyeni, minibasi itisiya." Kuyambira pamenepo ankadzitchula kuti Tab wa Nedson.

Malungo anamutenga nthawi ya dzinja, asanadwale n'komwe mokwanira kuti anthu amuzonde. Pampando wake panakhala kalaliki watsopano, Allan, munthu wabwinobwino wosalakwa chilichonse. Koma chibwerereni iye, Nedson akalemba "Al", makina ankadodoma, n'kuonetsa maina awiri ngati akufunsa kuti akufuna uti. Kudodoma kumeneko Nedson ankakukonda. Pamalo onsewo, ndi makina okha amene ankatchulabe dzina la mkazi wake. Ena onse ankangoti "malemu".

Mayi Hafsah analowa n'kukhala pa benchi. Mawu awo anafewa.

"Makasitomala akulemberabe kumeneko, a Nedson. Oda ya geti la sukulu yagona m'bokosimo mpaka eni ake atopa, apita kwa anzathu ku Ndirande. Nanenso ndinamulira mwana uja. Koma madzi akatayika saoleka. Makalata ake azipita kwa Allan, bokosilo litsekedwe lero."

Nedson anafuna kunena kuti makalatawo alibe nawo ntchito, chimene akukakamira ndi dzinalo. Liwu loyamba linamukanira pakhosi. Mayiwo anadikira mwaulemu, osalimalizitsa, kenako anatuluka.

Kunja chopukusira zitsulo chinkalira. Nedson anasamutsa makalata onse monga anamuuzira. Atafika polemba lamulo lofufuta, sanadine Tab. Analemba yekha dzina lonse, chilembo chimodzichimodzi, popeza sanafune kuti makina amuthandize pa ntchito imeneyo. Anadina. Bokosilo linafufutika. Mtima unamupweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija dothi anakwirira ndi ena.

M'mawa mwake anafika, n'kuyatsa kompyuta, zala n'kuyenda zokha monga mwa masiku onse. "Al". Tab.

Makina sanadodome ngakhale pang'ono. Analemba "Allan".

Nedson anayang'anitsitsa dzinalo.

"A-a-al... Al..."

Anadikira, monga anazolowera kudikira. Patebulo la maoda mpando unakhwekhwereza.

"Mwandiitana, a Nedson?" anafunsa Allan.