Mtsamiro wa Gitala ya Alamu

Kwa zaka makumi atatu mmisiri wina ankakonza magitala m'kachipinda kuseri kwa malo osokera nsapato, koma anali asanagwirepo gitala yoti munthu n'kuivulira chipewa. Zobwera pa benchi pake zinali za pulaiwudi, zokhota makosi, zina zomangidwa waya wa mabuleki a njinga m'malo mwa nsambo. Eni ake ankazibweretsa zitafa kale, n'kumanenerera mtengo ngati akugula tomato. Iye ankazikonza ndithu, koma mumtima ankawanyoza onsewo, ndipo kunena zoona ambiri mwa iwo ankayenera kunyozedwa.

Woyamba pa mndandanda wa onyozedwawo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Uyu ankagulitsa masipeya a galimoto, moti anthu ankangomuti a Masipeya. Ndalama anali nazo, ndiye ankayesa kuti nzeru zimabwera limodzi ndi ndalamazo ngati chenji. Pa gitala ankadziwa kugwira malo atatu okha, ndipo atatuwo ankamveka chimodzimodzi.

Mmawa wina a Masipeya anaimika galimoto motseka khomo la wosoka nsapato, n'kulowa m'kachipinda muja foni ili patsogolo.

"Alamu, taonani ichi. Ndikufuna kugula."

Mmisiri anasuzumira monyinyirika, kenako anachita kulanda foniyo. Inali gitala ya chifuwa chotukumuka, chosemedwa ndi manja kuchokera ku thabwa lochindikala mpaka kupyapyala ngati cha vayolini, yokhala ndi mabowo awiri aatali opindika m'malo mwa limodzi lapakati. Inali yakale kuposa iye mwini. Vanishi anali atatha pamene mkono wa woimba unkatsamira. Woimbayo anali atamwalira, ndipo banja lake, kudziko lina lakutali, linaipereka kwa wogulitsa zida zoimbira kuti aigulitse. Gitala yotere mmisiri ankangoimva m'matepi.

"Mwaikondera chiyani?" anafunsa.

"Mtengo wake," anayankha a Masipeya. "Chinthu chodula chonchi sichingakhale chachabe. Anzanga a bizinesi akabwera kunyumba aziona kuti ife sitidziwa zitsulo zokha."

Zinamuwawa mmisiri. Gitala imene munthu anaisema miyezi yambiri, wina n'kuiimba moyo wake wonse, inali kudzathera m'manja mwa wogulitsa mashokapu! Koma anaganiza msanga. Ikafika, adzaimanga nsambo ndani? Adzaichuna ndani? M'banja monse, m'dera lonse, panalibe wina koma iye. Zala zake zinali zitayamba kuuma ndi nyamakazi, ndipo ankadziwa kuti zatsala zaka zochepa zoti n'kugwira nsambo bwinobwino. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuimva gitalayo ikulira m'manja mwake zalazo zisanakanike.

"Gulani," anatero. "Koma zotumiza ndiyendetsa ndine."

Nkhondo inayambira pomwepo. Anakhala masana onse mu ofesi ya a Masipeya, pakati pa makatoni a mafyuluta ndi fungo la girizi, akuwerenga zimene wogulitsa uja analemba. Onyamula katundu pa ndege salipitsa kulemera kokha, amayezanso kukula kwa bokosi, ndipo bokosi la gitala yotere ndi lalikulu ngati chitseko cha kabati. Pamwamba pake panali inshuwalansi. Pofika pamalire panali msonkho, wowerengedwa pa mtengo wa gitala kuphatikizapo ndalama yotumizira ndi inshuwalansi yomwe. Ndiye panali ejenti wokatulutsa katunduyo, amenenso sadya mphepo. Zonse pamodzi zinkayandikira theka la mtengo wa gitalayo.

"Ndilipire msonkho pa ndalama yotumizira?" anakuwa a Masipeya. "Ndiye kuti akundilipitsa chifukwa choti ndalipira?"

"Ndi mmene zimakhalira. Masipeya anuwa amalowa bwanji?"

"Amenewo ndi nkhani ina. Tamverani, alamu. Ndili ndi kontena ikubwera mwezi wamawa. Aiponye mmenemo pamodzi ndi mainjini."

"Miyezi iwiri panyanja, m'chitsulo chotentha, pambali pa injini? Mudzalandira nkhuni."

"Ndiye aichotse m'chikesi chakecho, bokosi lichepe."

"Mudzalandira nkhuni zing'onozing'ono."

"Nanga atalemba pa pepala kuti ndi kagitala ka ana?"

"Ikasweka panjira, a inshuwalansi adzakulipirani mtengo wa kagitala ka ana. Ndipo a pamalire akaitsegula, mudzafotokoza nokha."

A Masipeya anapukuta thukuta, anadinadina kakyuleta kawo ngati kawalakwira, kenako anavomera. Chinawagonjetsa si nzeru ayi, koma kuti anali atauza kale anzawo onse kuti gitala ikubwera.

Atatha zimenezo mmisiri anakoka kiyibodi n'kuyamba kulembera wogulitsa uja mmene aipakirire. Gitala zamtundu umenewu zili ndi khalidwe lake. Kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo, kamene iye ankakatcha mtsamiro, sikamatidwa ngati pa magitala wamba. Kamangoima pachifuwa cha gitala, kopanikizidwa ndi nsambo zokha, ndipo n'chifukwa chake chifuwacho chimanjenjemera momasuka n'kutulutsa mawu. Ukamasula nsambo, kamagwa. Ukakasiya pamalo pake paulendo, bokosi likangomenyetsedwa pansi kakhoza kuboola chifuwa. Ndiye analemba kuti nsambo azikhwefule, mtsamiro auchotse, aukulunge m'kansalu n'kuuika m'kathumba ka m'chikesi.

"Mukulemba chiyani chachitali chonchi?" anafunsa a Masipeya, akusuzumira paphewa pake.

"Za akatswiri izi, alamu. Inu mbali yanu ndi kulipira."

Zinamukomera kunena mawu amenewo. Anawabwereza mumtima njira yonse yobwerera kwawo, ndipo ankamwetulira yekha.

Gitala inayenda masiku asanu kuchokera kutsidya, n'kukhala masabata atatu m'nyumba yosungira katundu pamalire. Pepala lina linasowa, lina linafuna sitampa, ndipo tsiku lililonse losungira linali ndi mtengo wake. A Masipeya ankaimba foni mmawa ndi masana, osati kufunsa ngati gitala ili bwino, koma kudandaula kuti ndalama zawo zikusungunuka. Mmisiri yekha ndiye ankaganiza za chinyezi cha m'nyumba zoterezo, ndi anyamata onyamula katundu amene mawu oti "chosachedwa kusweka" amawamva ngati chilolezo choponyera patali.

Loweruka lina mmawa foni inalira ali pa benchi.

"Katundu wafika!" Anali a Masipeya. "Bwerani pompano, mutenge zipangizo zanu. Alendo akubwera masana, ndikufuna aipeze ili tayale. Ya basi ndakutumizirani kale pa foni."

Ya basi! Mmisiri anamva kutentha m'makutu. Mwezi wathunthu wolimbana ndi mapepala, iye kupulumutsa gitala ku kontena ya mainjini, malipiro ake n'kuitanidwa ngati wokonza mpope wodontha?

"Lero ndatanganidwa," anayankha. "Ndibwera mawa."

"Mawa? Alamu, alendo..."

Anadula foni. Panali chifukwa chabwino chodikirira, pakuti gitala yochokera kudziko lozizira imafuna kugona tsiku limodzi m'chikesi chake kuti thabwa lizolowere mpweya watsopano. Akanatha kunena zimenezo m'mawu khumi. Akanathanso kunena kuti musakhudze kanthu. Koma kufotokozera a Masipeya kunali kuwakweza, ndipo iye sanafune kuwakweza.

Kutanganidwa kwake kunali kunola tchizulo zonoleka kale. Foni inalira kachiwiri, iye n'kumaiyang'ana ikunjenjemera pa benchi mpaka inatopa. Inalira kachitatu. Kenako unabwera uthenga: "Alamu pali kathabwa kathothoka, ndakapeza m'kathumba. Atigulitsa yothyoka. Yankhani chonde."

Mmisiri anaseka mpaka wosoka nsapato anasuzumira pakhomo kufunsa ngati kuli bwino. Anamuona m'maganizo mlamu wakeyo akuzungulirazungulira pabalaza, thukuta lili kamukamu, akuyesa kuti chuma chake chonse chalowa m'madzi. Achite thukuta pang'ono, anatero mumtima, adziwe kuti pali zinthu zimene ndalama sizidziwa. Foni italira kachinayi, anaitembenuza chafufumimba.

Mawa lake anasita malaya, anawenga zikhadabo za kudzanja lamanzere, n'kuika m'chikwama paketi ya nsambo zabwino zimene anagula ndi ndalama zake. Ya basi ija sanaikhudze. Anayenda wapansi, ndipo panjira zala zake zinkayeseza zokha nyimbo imene adzayambire.

Anamutsegulira ndi mlongo wake. Sanamuyang'ane kumaso.

"Lowani, achimwene. Ili pabalaza."

Inali pasofa, yotsamizidwa pa mapilo awiri ngati mlendo wolemekezeka. Ali chapatali mtima wake unadumpha, pakuti inali yokongola kuposa pa chithunzi paja. Atayandikira anaima chilili. Nsambo zinali zomangidwa kale. Mtsamiro unali pachifuwa, cham'munsi kuposa malo ake, ndipo m'mbali mwake monse munali mutatuluka guluu wotuwa, wouma gwa, uja amamatira zitsulo. Uku ndi uku kwa mtsamirowo kunali mitu iwiri ya mabawuti yonyezimira, iliyonse ndi kawashala kake. Kuchokera pa bawuti la kumunsi, mng'alu woonda ngati tsitsi unatsetsereka motsata thabwa mpaka pa bowo lopindika lija.

"Mwaona?" A Masipeya anatulukira kuchipinda akumanga lamba, nkhope ili ngwee. "Anthu akunjawa ndi akuba, alamu. Ndalama zonse zija, kathabwa osamata n'komwe! Bola ine ndimadziwa ntchito. Ndinathira guluu wa maradiyeta, koma ndinati ayi, chinthu chogwedera sichifuna guluu yekha. Ndinabowola pawiri. Pano ngakhale mutaikoka ndi thirakitala sikangachoke. Alendo dzulo anachita kuomba m'manja."

Mmisiri anakhala pansi pang'onopang'ono n'kuiika gitalayo pamwendo. Inali yopepuka modabwitsa, ndipo khosi lake linalowa m'dzanja mwake ngati analisemera iyeyo. Anachuna nsambo imodziimodzi, akudzinamiza kuti mwina, mwina. Kenako anakhwacha nsambo zonse pamodzi.

Mawu anatuluka, n'kufera pomwepo. Chifuwa chimene chinkayenera kunjenjemera pansi pa mkono wake chinali duu, chomangidwa. Anakwera m'mwamba mwa khosi, mawu n'kumasemphana chifukwa mtsamiro sunali pamalo pake, ndipo penapake m'kati mng'alu uja unkalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Magitala a pulaiwudi amene ankawanyoza aja, ena ankalira bwino kuposa apa. Mabowo akanatha kuwatseka, mng'alu akanatha kuumata, koma guluu wotereyo sachoka popanda kutenga thabwa, ndipo thabwa lake linali lopyapyala kale. Mawu amene gitalayo inali nawo dzulo mmawa, iye sadzawamva.

"Mwamva?" anatero a Masipeya, akugwedeza mutu motsata nyimbo imene panalibe. "Ndalama zikulira zimenezo!"

Mawu onyoza anadzaza m'kamwa mwa mmisiri, akuthwa, okonzeka kalekale. Asanatulutse ndi limodzi lomwe, mlongo wake, amene anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, anayankhula motsitsa.

"Anakuimbirani kanayi, achimwene. Ndinali pomwepa. Ndinawauza kuti tidikire, iwo anadikira mpaka alendo atatsala pang'ono kufika. Ankaopa kuti mudzawaseka kuti agula chothyoka." Anayang'ana pansi. "Pobowolapo ndinawagwirira ndine."

Mmisiri anayang'ana mitu ya mabawuti ija. Inali yomangidwa mwaukhondo, yofanana kutalika, ntchito ya munthu amene anayesetsa ndi mtima wake wonse pa chinthu chimene palibe anamuuza. Chisoni chinamugwira, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake, olemera kuposa chisonicho.

Anatsegula chikwama chake n'kufufuza, koma mwa zida zonse za ntchito yake munalibe chomasulira bawuti.

"Alamu," anatero, mawu ali pansi, "ndibwerekeniko sipanala. Chonde. Ndiyese kupulumutsa chimene chatsala."

A Masipeya anasiya kumwetulira. Anayandikira, anainyamula gitalayo kuichotsa pamwendo pa mmisiri, mosamala ndithu, n'kuikumbatira pachifuwa.

"Mumasule chiyani? Dzulo ndinakufunani, simunabwere. Ndakonza ndekha, ndipo ikulira bwino. Gitalayi ndi yanga, alamu."

Analowa nayo kuchipinda n'kutseka chitseko. Posakhalitsa kunamveka malo atatu aja, amodzi pambuyo pa anzake, mobwerezabwereza. Mmisiri anakhala pasofapo manja ali pamaondo, akumvetsera mpaka mlongo wake anamufunsa ngati amwe tiyi asanapite.